Za mwendo wa bambo ndi ulendo wa ku Ntcheu

Achemwali aakulu: Malume, azakhali ndi nonse, madokotala aunika mwendo wa bambo umene unatupa uja ndipo apeza kuti magazi aundana mumtsempha wa m'katumba. Akuti zoterezi sizachilendo kwa munthu amene wachitidwa opaleshoni ya khansa ya kumapeto kwa matumbo, chifukwa khansayo payokha imachititsa magazi kuundana msanga, komanso wodwala amakhalitsa chigonere.

Azakhali: Zikomo mwanawe. Bwanji achimwene angobwera kuno ku Ntcheu kuti ndizidzawathowa ndi madzi otentha?

Achemwali aakulu: Pepani azakhali, mwendowo usathowedwe kapena kusisitidwa ngakhale pang'ono. Magazi oundanawo akathothoka amayenda ndi mtsempha mpaka kukatseka m'mapapo, ndipo munthu akhoza kutisiya tikuona. Kukhala opinda miyendo m'minibasi kuchokera ku Blantyre kuno nakonso sikungawachitire ubwino panopa. Awayambitsa jakisoni wa Clexane, wobaya pakhungu la pamimba kutali ndi bala la opaleshoni ndi thumba lotulukiramo chimbudzi lija, ndipo mankhwala oletsa magazi kuundana adzakhala nawo kwa miyezi yosachepera 3, mwinanso 6.

Achimwene a ku Joni: Za mankhwala zisakudetseni nkhawa, ndizitumiza ndalama pa Mukuru mwezi ukatha. Koma ndani azibaya, popeza achemwali mumalawirira kuntchito?

Malume: Alamu asasunthe ku Blantyre mpaka adokotala atavomereza. Azakhali anu ndiwo akwere basi Loweruka kukakhala nawo masana, ndipo thiransipoti ndilipira ine. Kubaya aphunzire anthu awiri kwa anamwino asanatuluke m'chipatala, kuti wina akachokapo tsiku lisadumphe.

Achemwali aakulu: Ndavomera, malume. Azakhali, mukafika muziwayendetsa pang'onopang'ono pakhomo ndi kuwakumbutsa madzi akumwa, pakuti bambo mukuwadziwa, akakhala pampando ndi wailesi sadzuka. Akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi, musadikire kuti ine ndiweruke, thamangirani nawo kuchipatala. Chimodzimodzinso mukaona magazi m'thumba lija kapena m'nkhama. Brufen, Aspirin ndi mankhwala azitsamba asamwe osafunsa adokotala, chifukwa akhoza kuchititsa kuti ataye magazi.

Azakhali: Ndamva, ndipo mizu imene ndinakumba ija ndiisiya kuno. Ndinyamuka ndi basi ya m'mawa, wina adzandichingamire pa Wenela.