Aphunzitsi anzanga, maphatikizo mumawaphunzitsa bwanji m'kalasi yodzaza?

Aphunzitsi anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndangomaliza kumene maphunziro ku TTC (koleji yophunzitsa aphunzitsi) ndipo andipatsa Sitandade 2, ana 96, kalasi yopanda madesiki. Mabuku a Chichewa ndi ochepa moti buku limodzi amaonera ana anayi kapena asanu, wakumapeto amangoona chikuto.

Vuto langa lenileni lili pa maphatikizo. Tikamatchulira limodzi "ba, be, bi, bo, bu", kalasi yonse imayankha mokweza mpaka kukoma. Koma ndikaloza mwana mmodzi kuti awerenge "buku" pa bolodi, zii! Ndaona kuti ambiri angoloweza ngati nyimbo, zilembozo sakuzizindikira. Za "mba" ndi "nkha" ndiye osakamba.

Ndinayesa za TALULAR (kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe), kudula makatoni n'kulembapo maphatikizo, koma denga lathu limadontha, makatoni onse ananyowa ndi mvula ya sabata yatha. Zitsekerero za mabotolo zokha ndiye zikundithandiza pa masamu.

Inu mumawagawa bwanji m'magulu kuti otsalira asamabisale kumbuyo kwa anzawo? Nanga makope onsewa mumachonga nthawi yanji, poti ine ndimasenza kupita nawo kunyumba? Chonde ndithandizeni, teremu yachiwiri ikutha ana asanagwire kanthu.