Ndalama ya mjigo ija, kapena nyumba ya abambo ogona pa depoti?

Wapampando: Abale ndi alongo a kwathu ku Balaka, mwaswera bwanji nonse. Abusa a mipingo ingapo ya pa boma atilembera kalata. Mpingo wina uli ndi nyumba yakale imene denga lake linasasuka ndi mphepo. Akupempha malata, simenti ndi mabedi 8 kuti azisungamo abambo amene mowa ndi chamba zawagoneka pa depoti ndi m'makhonde a masitolo. Munthu azikhalamo miyezi 6, azipemphera, azilima dimba, aziphunzira ukalipentala. Ndalama ilipo ndi ija tinasonkhera mjigo, ndipo singakwanire zonse ziwiri chaka chino. Tiyankhulepo momasuka.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Ine ndiyambe ndi kukana. Anthu anasonkha atauzidwa za madzi. Tikasintha pakati pa njira, ulendo wina sadzasonkhanso. Komanso nyumba si malata okha. Ufa, ndiwo, sopo, nkhuni, mlonda wa usiku, zonsezi mwezi ndi mwezi adzalipira ndani? Kalatayo sinanene.

Mayi wa geni pamsika: A Msungichuma anena zoona. Inu muli kutali, ife tikukhala nawo anthuwa. M'mawa timapeza atasanzira pa mabenchi athu, tomato akusowa. Ndiye amayi azidzukabe 4 koloko kukaima pamzere wa madzi kuti chidakwa chigone pabedi? Zandipweteka.

Mnyamata wa ku Joni: Amayi, ndakumvani ndipo sindikukutsutsani. Koma anthuwo si alendo. Mmodzi mwa iwo tinaphunzira limodzi pulayimale, ndipo masamu ankatiposa tonse. Anayamba ndi masacheti a mowa aja a pamtengo wa switi tili ana asukulu. Boma linawaletsa mu 2015, koma ludzu linali litamulowa kale, anangosamukira ku kachasu.

Namwino wa ku Leeds, ku England: Pepani ndilemba zambiri, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Nyumbayo ndikuifuna, koma osati mmene yalembedwera m'kalatamo. Palibe paliponse pamene atchula chipatala.

Munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, mukamuletsa mwadzidzidzi thupi limapanduka. Pasanathe tsiku manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, akusanza. Tsiku lachiwiri ena amagwa ngati a khunyu. Likamafika lachitatu, ena mutu umabalalika: amaona njoka pakhoma, amayankhula ndi anthu oti palibe, mtima ukuthamanga, thupi likutentha. Apa ndi pamene kwathu timati wagwidwa ziwanda, timumanga chingwe ndi kumupempherera usiku wonse. Munthu amafa nazo zimenezi, abale anga, pomwe mankhwala ake alipo ndipo si odula. Kuchipatala amapereka diazepam moyang'aniridwa kwa masiku ochepa, ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Ndine Mkhristu, ndimapemphera ndisanayambe ntchito, koma sabata yoyamba ndi ya dokotala. Aliyense asanalowe m'nyumbamo ayezedwenso TB ndi HIV, chifukwa amuna 8 ogona chipinda chimodzi, wina akutsokomola TB, akhoza kupatsira anzake. Ndipo wa ma ARV kapena mankhwala a ku Zomba Mental Hospital asadzauzidwe kuti asiye poti wachira mwa chikhulupiriro.

Mkulu wa mpingo: Achemwali, mwatiphunzitsa. Ine ndinali nawo polemba kalatayo ndipo ndikuvomera kuti mbali imeneyo tinaiphonya. Koma musaiwalenso kuti chipatala chimamutulutsa munthu pakatha masiku, ndiye abwerera kuti? Mkazi anapita kwawo, abale anatopa naye, amene akumudikira ndi anzake a pa shabini. Mpata umenewo ndi umene mpingo ukufuna kutseka. Sitikuyamba zachilendo. A St John of God ku Mzuzu akhala akuthandiza odwala maganizo ndi ofuna kusiya mowa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo tsopano ali ndi ku Lilongwe komwe. Ndi a Katolika, koma ali ndi anamwino ndi aphungu ophunzira. Mwini dzinalo anayamba ndi kutola anthu ogona m'misewu ya mzinda wa Granada ku Spain, iye mwini atatsekeredwapo m'chipatala ngati wamisala.

Achimwene a ku Mangochi Turn Off: Salaam aleikum nonse. Funso langa ndi limodzi. Balaka si wa Akhristu okha, ndipo m'thumba la gululi muli ndalama za Asilamu. Pa depoti paja pagonanso ana a Chisilamu, ngakhale makolo amachita manyazi kunena. Mwana wotere akafika pakhomopo, adzauzidwa kuti abatizidwe kaye kuti alandire nsima? Adzaloledwa kuswali? Shehe adzaloledwa kulowa kudzacheza naye? Ngati yankho ndi ayi, mpingo umange ndi ndalama zake, ife tikumbe mjigo.

Mkulu wa mpingo: Funso labwino achimwene. Sindingayankhire abusa onse. Ine pandekha ndikuti nsima isagulidwe ndi ubatizo. Ndikawauza momwemo.

Bambo amene anasiya mowa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ambiri mukundidziwa, ndiye sindibisa. Ndinagonapo pakhonde la sitolo kuyambira dzinja mpaka chilimwe, katoni ndiye mphasa. Amayi a pamsika, mwina tomato wanu ndinabapo ine. Pepani.

Kupempheredwa ndinapempheredwa kambiri. Ndinkagwa pansi Lamlungu, kulira, kulonjeza, Lachiwiri ndili pa kachasu, kenako manyazi ondiletsa kupondanso kutchalitchi. Chimene chinandigwira dzanja ndi bambo wina wachikulire wa mumpingo amene anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake, nanditengera kuchipatala manja atayamba kunjenjemera. M'mawa uliwonse ankandidzutsa kuti tipemphere, kenako kundipatsa khasu. Ndinabwerera ku mowa kawiri ndili pakhomo pake. Ulendo woyamba ndinagulitsa wilibala yake. Sanandithamangitse. Anandiuza kuti ndidzaibweza ndi maganyu, ndipo ndinaibwezadi. Pano zaka zakwana 7 osalawa.

Ndiye funso langa kwa abusa si la malata. Munthu akagwa ali m'nyumbamo, mudzatani naye? Chifukwa adzagwa, ambiri amagwa. Ngati lamulo ndi loti ukangomwa chitseko chatsekedwa, pakutha pa miyezi 3 mabedi onse 8 adzakhala opanda anthu.

Mnyamata wa ku Joni: Bambo, mwandiliza. Kuno ku Johannesburg ndinaperekezapo mnzanga ku misonkhano ya Alcoholics Anonymous, gulu la anthu othandizana kusiya mowa, m'holo ya tchalitchi. Gululi linayamba mu 1935 ku Akron ku America, ndi anthu awiri omwe onse anali zidakwa. Safunsa mpingo wako, amangoti Mulungu monga mmene iwe ukumudziwira, ndipo woyendetsa ndi amene anadutsamo. Zimenezi zingayankhe nkhawa ya achimwene aja. Anthu ngati bambowa ndi amene ayenera kukhala mu komiti ya nyumbayo.

Msungichuma: Mtima wanga wafewa, koma buku la ndalama silinasinthe. Ndiponso wina anandiimbira kuti tingouza apolisi awasese onse akawatsekere m'nyumbamo. Zimenezo ayi. Khoti Lalikulu linagamula mu 2017 kuti ndime ija ya vakabu imene ankagwirira anthu ongopezeka pamsewu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu alowe mwa kufuna kwake, atuluke mwa kufuna kwake. Maganizo anga ndi awa: ndalama ya mjigo isakhudzidwe. Titsegule chopereka china cha nyumbayi, ndipo tisatulutse kobiri mpaka mipingo ilembe kuti ufa ndi mlonda ndi zawo kwa chaka chathunthu.

Namwino wa ku Leeds: Ndikugwirizana nazo. Malata 10 oyamba ndi anga, bola pakhale mgwirizano wolembedwa ndi chipatala cha boma.

Wapampando: Zikomo nonse. Loweruka m'mawa ine, a Mkulu wa mpingo, achimwene a ku Turn Off ndi bambo athu aja tikaone nyumbayo ndi kukumana ndi abusa. Tikafunse za chipatala, za Asilamu, za chakudya, ndi za munthu wobwerera ku mowa. Tikabwerako tidzavota.

Mayi wa geni pamsika: Mjigo ukhale, pamenepo sindisuntha. Koma a Namwino, pali mnyamata wina amagona kuseri kwa mabenchi a nsomba. Kuyambira dzulo sanamwe chifukwa alibe ndalama, ndipo m'mawa uno kapu ya tiyi imene ndinamupatsa imamugwa m'manja. Ndidikire Loweruka?

Namwino wa ku Leeds: Ayi amayi, musadikire. Mupezereni kabaza apite kuchipatala lero lomwe, ndipo mukawauze kuti amamwa tsiku lililonse komanso tsiku limene anamwa komaliza. Ya kabazayo ndikutumizirani pa foni pompano.