Mwana wanga sakugona podikira zotsatira za MSCE

Mayi wa ku Dedza:
Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi. Mwana wanga wamkazi chilembereni mayeso a Fomu 4 sanapezepo mtendere. Tulo sakuliona, nsima akungoitsina pang'ono, ndipo foni siichoka m'manja poyang'ana ngati a MANEB atulutsa zotsatira. Chondidabwitsa n'chakuti iye akuti bola atamva kuti walephera kusiyana ndi kukhala osadziwa. Kodi zimenezi n'zachibadwa, kapena ndi matenda?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Mayi, mawu a mwana wanuwo akuonetsa kuti chimene chikumudya mumtima ndi kusadziwako. Akatswiri a zamaganizo a pa yunivesite ya Laval ku Canada adafufuza nkhaniyi mu 1994, ndipo adapeza kuti anthu amene amalephera kupirira zinthu zosadziwika mathero ake ndiwo amakhalanso ndi nkhawa yaikulu. Wachinyamata wotere akamva kuti "mwina", mtima wake umathamangira ku choipa. Akayang'ana pa foni mtima umatsika kwa kanthawi kochepa, koma mwa kutero amazolowera kuti sangakhazikike popanda kuyang'ananso, ndiye nkhawa imakulirakulira. Ndikukupemphani kuti mugwirizane naye zoyang'ana kamodzi kokha patsiku. Luso lodikira adzalifunabe, chifukwa zotsatira zikatuluka adzadikiranso mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kenako yankho la ngongole ya fizi.

Wophunzira wa chaka chachiwiri ku yunivesite:
Aphunzitsi anena zoona, komabe mantha a anafe sachokera m'mutu mokha, popeza malo ku yunivesite ndi ochepa ndipo timaona mmene makolo amavutikira kupeza fizi. Amayi, musamamuuze kuti "ukhoza basi", chifukwa akudziwa kuti nanunso simukudziwa. Ine mtima unakhala pansi bambo anga atandiuza kuti ndikalephera ndidzalembanso, ndipo pakhomo sadzandinyoza.

Namwino wa ku Lilongwe:
Kuda nkhawa nthawi ya mayeso si chachilendo. Koma ngati kusagona ndi kusadya kwapitirira kwa masabata angapo, kapena mtima ukumamugunda kwambiri mpaka kubanika, pitani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. A chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe amaperekanso uphungu. Akangotchula zofuna kudzipha, musamusiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Tikhala naye pansi madzulo ano pamodzi ndi bambo ake, ndipo Lolemba ndipita naye kuchipatala chifukwa kusagonaku kwatenga nthawi.