Ndiwaonetse ana a Fomu 3 sewero la Room 222, kapena ndisiye?

Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndikupempha nzeru makamaka kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo.

Ndimaphunzitsa History pasekondale ina yoyendera. Mu Disembala mlongo wanga wa ku America anandibweretsera ma DVD a sewero lakale la pa TV lotchedwa Room 222, akuti ataliona anakumbukira ine. Linayamba kuonetsedwa pa kanema wa ABC wa ku America mu Seputembala 1969 n'kutha mu Januwale 1974, ndipo gawo lililonse ndi la theka la ola. Nkhani yake imachitikira pasukulu yongopeka ya Walt Whitman High School mumzinda wa Los Angeles. Chipinda 222 ndi momwe Pete Dixon amaphunzitsiramo mbiri ya America. Dixon ndi munthu wakuda, ndipo anamusewera Lloyd Haynes. Taganizani, Martin Luther King anaphedwa mu Epulo 1968, ndiye pasanathe zaka 2 Amereka akuona pa TV mphunzitsi wakuda akuphunzitsa ana achizungu ndi akuda m'kalasi imodzi, onse akumumvera.

Chimene chinandigwira mtima si nthabwala zake ayi. Ndi kaphunzitsidwe kake. Dixon sakalipa. Mwana akafunsa funso lovuta, iye amalibwezera kwa kalasi yonse, ana n'kumatsutsana za nkhondo ya ku Vietnam, za tsankho, za mankhwala ozunguza bongo, iye ali chete kumvetsera. Akalankhula amalankhula pang'ono, koma ana amatuluka akuganizabe.

Ndinaziyesa. Tinali pamutu wa John Chilembwe ndi kuukira kwa mu Januwale 1915. M'malo molembetsa manotsi ndinafunsa kuti, kodi Chilembwe anachita bwino kunyamula zida, kapena panali njira ina? Mtsikana wina yemwe sanayankhulepo chilowereni Fomu 1 anaimirira n'kunena kuti munthu amene anaphunzira ku Virginia, ku America, n'kuona mmene anthu akuda ankakhalira kumeneko sakanabwerera kuno n'kungopinda manja. Anyamata akumbuyo anamutsutsa, phokoso linakula, ahedi anabwera. Pambuyo pake anandiitana mu ofesi n'kundiuza mwaulemu kuti silabasi ndi yaitali, MSCE siyembekeza munthu, ndipo ana 84 sangakambirane popanda chisokonezo.

Tsono mafunso anga ndi awa. Ndiwaonetse ana seweroli Lachisanu masana ku kalabu yathu ya History? Ndikuopa kuti aona ana a ku America akuyankha aphunzitsi momasuka, iwo n'kutengapo mwano wokha. Komanso Dixon ali pachibwenzi ndi Liz McIntyre, mlangizi wa ana pasukulupo, ndipo sindikudziwa kuti makolo akamva adzati chiyani. Nanga kaphunzitsidwe kameneka ndikasiye?

Agogo a Tadala: Mwana wanga, ine ndagwira choko zaka 31. Ahedi anu sanalakwe, inunso simunalakwe. Cholakwika n'chakuti anamva phokoso asanamve cholinga chanu. Atengereni DVD imodzi akaonere kunyumba. Akaona ahedi a m'seweromo, mwina adziona okha. Ana 84 muwagawe m'magulu, gulu lililonse lisankhe wolankhula mmodzi. Mukatero phokoso lichepa.

Mai a Chisomo: Aphunzitsi, ine monga kholo ndikupemphani chinthu chimodzi. Muyambe mwaonera nokha gawo lililonse mpaka kumapeto musanaliike pamaso pa ana athu. Za chibwenzi cha aphunzitsi awiri akuluakulu osakwatira sizindiopsa, ana amaona zoposa pamenepo pafoni. Koma za mankhwalazo mutiuze kaye pamsonkhano wa makolo. Tikamva kuchokera kwa inu n'zosiyana ndi kumva mwana akufotokoza kunyumba mosokonekera.

Wa ku Maryland: Achimwene, mwandikumbutsa kutali. Kuno azigogo ambiri akuda amalikumbukirabe. Anaiyambitsa nkhaniyi ndi James L. Brooks, ndipo mu 1970 inapata mphoto ya Emmy ngati sewero latsopano lopambana. Michael Constantine, amene anasewera ahedi Seymour Kaufman, ndi Karen Valentine, amene anasewera Alice Johnson, mphunzitsi wongophunzira ntchito uja, anapatanso mphoto zawo chaka chomwecho. Liz anamusewera Denise Nicholas. Koma ndikuchenjezeni, musadziyeze ndi Dixon. Kalasi yake ndi yaing'ono, aliyense ali ndi desiki ndi buku lake, ndipo mwana akavutika pali Liz woti amutenge. Inu ntchito ya Dixon ndi ya Liz mwazisenza nokha. Ndipo pa TV vuto limatha mu theka la ola chifukwa olemba afuna kuti lithe.

Mnyamata wa ku Area 25: Sir, ine ndinalemba MSCE posachedwa ndipo ndinene zoona. Chizungu cha ku America cha nthawi imeneyo ana ambiri sachimva. Aseka zovala ndi tsitsi, uthenga uwadutsa. Komanso Vietnam sakuidziwa kuti ili kuti. Ine ndikanakonda mukanapitiriza mkangano wa Chilembwe uja m'malo mwa filimu. Zimenezo n'zimene tinkazisowa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Achimwene a ku Maryland, mwandilasa pamtima, chifukwa n'zoona ndakhala ndikudziyeza ndi munthu wa pa TV n'kumadziona wolephera. Koma mng'ono wanga wa ku Area 25, pa Vietnam pokha ndikutsutsako. Ana anga amaphunzira za Cold War, udani uja wa pakati pa America ndi Soviet Union womwe unakhudzanso Vietnam, ndipo kumva mnyamata wa msinkhu wawo akuopa kutengedwa kupita kunkhondo kungawafikire kuposa manotsi anga. Chizungucho ndingamaimitse DVD n'kumafotokoza.

Agogo a Tadala: Ngati ndi choncho sankhani gawo limodzi lokha, muliimitse pakati nkhani isanathe, ana anene okha chimene akanachita akanakhala Dixon. Mtsikana uja wa Chilembwe mumupatse mpata woyamba.

Mai a Chisomo: Ndipo ahedi muwaitane adzakhale nawo tsiku limenelo, asadzamvenso phokoso ali mu ofesi.

Mwini funso: Ndachita monga mwanenera, Agogo. Dzulo ndawapatsa ahedi DVD yoyamba, alandira ndipo ati aonera kumapeto a sabata ino magetsi akakhalapo. Chatsala ndi poonetsera. Sukulu yathu ilibe pulojekita, ndipo TV yanga ndi yaing'ono moti akumbuyo sangaone kanthu. Alipo pano amene anaonetsapo filimu kwa ana opitirira 80? Munachita bwanji?