Monita yoyenera munthu wolemba mapulogalamu ali kunyumba

Wa ku Chilenje:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndayamba kugwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ndili kunyumba, ndipo tsiku lonse ndimaweramira laputopu ya mainchi 14, moti pofika madzulo khosi limakhala litauma, maso akuwawa. M'mashopu a m'tauni ndapeza monita ya mainchi 27 yotsika mtengo kuposa ina ya mainchi 24, ndiye ndasokonezeka. Kodi yaikuluyo ndiyo yabwino? Magemu sindisewera, ntchito yanga ndi khodi, malangizo olembera kompyuta, ndi kuwerenga basi. Magetsi akazima ndimadalira inveta yaing'ono ndi batire limodzi.

Wa ku Kabwata:
Achimwene, musanakopeke ndi kukula kwake, funsani kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi. Ndikuganiza kuti yotchipayo ndi ya 1920 x 1080, kutanthauza timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, chimodzimodzi ndi ya mainchi 24. Timadontho tomweto tikamwazikana pa sikirini yaikulu, pa inchi iliyonse pamakhala pafupifupi 82 m'malo mwa 92, ndipo zilembo zimaoneka zokhakhala m'mphepete. Ine ndinagulapo yotero chifukwa chothamangira mtengo. Pa mpira inkaoneka bwino ndithu, koma pa khodi ndinkachita kuyandikitsa nkhope kuti ndisiyanitse nambala 1 ndi chilembo l, mpaka ndinaigulitsa patangotha miyezi itatu.

Ngati mukufuna mainchi 27, fufuzani ya 2560 x 1440, imene ili ndi timadontho pafupifupi 109 pa inchi. Pamenepo mungathe kuika khodi kumanzere ndi zimene mukuwerenga kumanja popanda kupanikizana. Thumba likakana, ya mainchi 24 ya 1920 x 1080 si yochititsa manyazi. Pa mitundu ya sikirini, sankhani wotchedwa IPS, chifukwa wotchedwa TN umasintha maonekedwe mukangopendeketsa mutu. Za 144 Hz, kutanthauza chithunzi kusintha ka 144 pa sekondi, zisakudyereni ndalama, 60 Hz ikukwanirani. Popita kukagula nyamulani laputopu yanu, mukalumikize ndi kutsegula fayilo yanu yeniyeni, pakuti mavidiyo a maluwa ndi nsomba amene amaonetsa m'mashopu amakongola pa monita iliyonse.

Mayi wa ku Chelstone:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Kabwata, koma nkhani ya inveta isaiwalike. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, mmene magetsi ankasowera kwa maola ambiri patsiku. Nthawi imeneyo ndinali ndi mamonita awiri, ndipo wachiwiriyo ndinachita kumubweza m'katoni chifukwa batire silinkafika madzulo. Yang'anani mawati, muyeso wa magetsi amene imadya, olembedwa kumbuyo kwa monita musanalipire, ndipo mukafika nayo kunyumba chepetsani kuwala kwake, popeza nyali ya kuseri kwa sikirini ndiyo imadya magetsi ambiri. Mugulenso chotetezera zipangizo ku mphamvu ya magetsi yobwera mwadzidzidzi, chifukwa zinthu zimakonda kupsa pamene magetsi akubwerera.

Ponena za khosi, vuto lanu lalikulu ndi msinkhu wa sikirini. Mzere wa pamwamba uzilingana ndi maso anu, ndipo mukatambasula dzanja zala zizingoikhudza. Choncho mwendo wa monita ukhale wotha kukwera ndi kutsika, apo ayi kumbuyo kukhale mabowo anayi a VESA, otalikirana mamilimita 100 pa mamonita ambiri, kuti mudzathe kumangirira pa mkono wachitsulo. Yanga ilibe zonsezi, moti mpaka lero yakhala pamwamba pa madikishonale awiri.

Wa ku Matero:
Wina akhoza kukuuzani kuti mugule ya 4K, ya 3840 x 2160. Zilembo zake n'zosalala kwambiri, zimenezo sindikana, koma yambani mwaona polowetsera chingwe pa laputopu yanu. Polowetsera pa mtundu wa HDMI 1.4 pamatumiza 4K pa 30 Hz yokha, ndipo mausi imaoneka ngati ikukokedwa m'matope. Pamafunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort 1.2 kuti mufike 60 Hz. Dziwaninso kuti si polowetsera paliponse pa mtundu wa USB-C pamene pamatulutsa chithunzi. Mukasankha yogwiritsidwapo kale ntchito, dzazani sikirini yonse ndi mtundu woyera, kenako wakuda, muone ngati pali timadontho takufa.

Wa ku Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafufuza, laputopu yanga ili ndi HDMI 1.4, ndipo USB-C yake situlutsa chithunzi, ndiye za 4K ndazisiya. Ndaona kuti 2560 x 1440 pa 60 Hz imatheka pa HDMI imeneyi. Loweruka ndipita nayo m'tauni, ndikayese ya mainchi 27 ndi ya 24 yomwe, ndikawerengenso mawati ake monga mwanenera, mayi.