Ndinatumiza mwana kukaphunzira sayansi, wabwerako akufuna zidutswa za chitenje

MayiTelala25

Abale ndithandizeni maganizo, mwina ndine wotsalira. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale ina ku Area 25, ndipo chaka chino ndi cha 19 ndikupalasa makina omwewa. Mwana wanga wachisamba ali Fomu 3 pasukulu ina ya atsikana yogonera konko, muno mu Lilongwe. Tsiku limene ndinamva kuti wasankhidwa atalemba mayeso a Sitandade 8 ndinalira. Ndinamuuza kuti iwe singano usadzaigwire, msana wangawu wapindika kale m'malo mwa tonse. Masamu amakhoza, Chemistry amakhozanso. Ine mumtima ndinali nditamuveka kale chovala choyera cha udokotala.

Ndiye holide yapitayi wangofika, madzi osamwa n'komwe, wagwada pansi pa makina n'kumatola zidutswa zimene ndimasesa madzulo. Akuti aphunzitsi a Physics ndi a Clothing and Textiles agwirizana zoyambitsa kalabu, amakumana Lachitatu ndi Loweruka masana. Akusoka zikwama za mabuku zokhala ndi kasola kakang'ono kumsana, masana kazidya dzuwa, usiku kaziyatsa tinyale towerengera magetsi akathima nthawi ya prep. Pamwamba pa apo akukonza sewero la ng'oma ndi nyimbo loti akaonetse tsiku la makolo. Anandipempha K15,000 ya mawaya ndi batire. Ndinapereka theka, nkhope ili chikwinyire.

Chaka chamawa ndi cha MSCE. A MANEB sadzafunsa kuti chikwama chako chili ndi matumba angati. Kodi uku si kuwadyera ana nthawi? Ndipo china chimene chikundiwawa, ndinene poyera: akanakhala anyamata akanawapatsa nsalu? Kapena poti ndi atsikana, sayansi yawo iyenera kudzera pa singano basi?

Malume a ku Kawale

Mayi, simunalakwe. Ku yunivesite amaona mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndipo pakhale makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo English. Kwatha. Ine ndinali katswiri wa masewero a Chingerezi a mpikisano wa masukulu wa ATEM nthawi yathu, holo yonse inkaimirira ndikalowa. Lero ndimagulitsa masipeya a njinga, amene ankatiombera m'manja aja ali ku Capital Hill. Pitani mukaonane ndi ahedi, mwana atuluke mu kalabumo, adzasoka akadzalemba.

Madamu a Physics

Mayi, ndine mphunzitsi, osati pasukulu ya mwana wanuyo, koma ndaphunzitsa atsikana zaka zambiri. Ndiyambe ndi kukufunsani inuyo. Kasitomala akabwera kuti mumusokere siketi ija yozungulira ngati ambulera, mumatani kuti mudule chibowo cha m'chiuno? Atelala amene ndinawaonapo amayeza chiuno, n'kugawa ndi 6, n'kuchotsako pang'ono. Chabwino, kugawa ndi 6 n'kuchotsako pang'onoko n'chimodzimodzi kugawa ndi 6.28, imene ife timailemba pa bolodi kuti 2π. Chiuno cha masentimita 72, mumayeza pafupifupi 11.5 kuchokera pangodya ya nsalu yopinda. Funso limeneli m'kalasi ana ambiri limawagwetsa, inu mumaliyankha ndi choko ndi sizasi kasitomala ali chiimire.

Tsopano chikwamacho. Kanyale kofiira ka LED kamafuna mavoti pafupifupi 2 ndi mphamvu yoyenda ya maampeya 0.02. Mukakalumikiza molunjika ku mavoti 5 kamapsa, nthawi zina kamodzin'kamodzi. Mwana ayenera kuwerengera yekha kuti mavoti 3 otsalawo agwere pa rezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, agawe 3 ndi 0.02, apeze 150 ohms. Limenelo ndi lamulo la Ohm, ndipo lili mu silabasi. Akafuna kuti kanyale kamodzi kakafa tinzake tiziyakabe, ayenera kudziwa kusiyana kwa series ndi parallel, njira ziwiri zolumikizira tinyale. Ine ndakhala ndikujambula zimenezi pa bolodi mpaka choko kundilowa m'mphuno, ana n'kumangokopera. Koma mtsikana amene wawotchapo kanyale kogula ndi ndalama ya mayi ake saiwala.

Ng'omanso musazinyoze. Aliyense wa kumudzi amadziwa kuti ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike ilire mokweza, ndipo akamata phula pakati mawu amatsika. Mutu wa sound wagona pamenepo. Ku Chemistry mnzanga amabwera ndi madzi a chidede: akathiramo mandimu amafiira kwambiri, akathiramo chidulo chophikira therere amasanduka obiriwira. Asidi ndi alikali, popanda botolo ngakhale limodzi lochokera kunja. M'sukulu zathu zambiri labu ilipo dzina lokha, ndiye njira zoterezi sizamasewera ayi.

Koma malume ali ndi mfundo pena. Kalabu yotere imatha kusanduka yongosoka ndi kuvina ngati mphunzitsi ali waulesi, ndinazionapo. Mufunseni mwana akuonetseni kope la kalabuyo. Mukapezamo chithunzi cha circuit (njira yoyendamo magetsi), manambala, zofufutafufuta, dziwani kuti akuphunzira. Mukapezamo masitayilo a zikwama okhaokha, pitani kwa ahedi monga akunenera malumewo.

Chemwali wa ku Ndata

Amayi, ine ndinaphunzira za uinjiniya ku Malawi University of Science and Technology (MUST), ku Thyolo. Yunivesite imeneyi inayamba kulandira ophunzira mu 2014, ndipo ngakhale dzina lake ndi la sayansi, pamalo omwewo pali Bingu School of Culture and Heritage komwe ena amaphunzira nyimbo ndi za chikhalidwe. Tinkadya m'kafeteriya imodzi.

Chimene chinandisautsa chaka choyamba sichinali masamu. Chinali kujambula. Amakupatsa chinthu kuti uchijambule monga chikuonekera kutsogolo, pamwamba ndi pambali, ine mutu unkangozungulira chifukwa kusekondale ndinali wongoloweza. Mnzanga wina amene anakulira pa makina a agogo ake ankamaliza ife tisanasongole pensulo. Munthu amene amaona nsalu yoyala patebulo n'kudziwiratu kuti ikhala bwanji pathupi, diso limenelo ali nalo kale.

Koma pa funso lanu lomaliza lija ndili mbali yanu, ndipo musalisiye. Ndinaonapo gulu limene atsikana ankasoka ndi kukongoletsa, kenako kumabwera bambo wina wokonza mawailesi kudzalumikiza mawaya onse, pa tsiku lachionetsero n'kumati atsikana apanga. Zimenezo ndi zonamizana. Funsani kuti kachitsulo kowotcherera mawaya kamagwira ndani. Funsani kuti mita yoyezera mavoti imakhala m'manja mwa ndani. Ngati ndi mwana wanuyo, musiyeni. Muno mu Lilongwe momwemuno Rachel Sibande anayambitsa mHub komwe achinyamata amaphunzira zopanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo mu 2020 munatsegulidwanso African Drone and Data Academy. M'malo oterowo amafuna munthu woti akapatsidwa chinthu chakufa achitsegule, osati achithawe.

Malume a ku Kawale

Achemwali, ndikudziwa kuti posachedwa wina atchula William Kamkwamba wa ku Wimbe ndi makina ake amphepo opanga magetsi. Mnyamata uja anapanga zija atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002, osati chifukwa cha kalabu. Ndipo ndi mmodzi. Mayiwa ali ndi fizi yolipira teremu iliyonse. Komabe za kope zija ndavomereza, akalione.

MayiTelala25

Zikomo nonse. Madamu, mwandiseketsa ndekha pakhonde mpaka mwini golosale anatuluka kudzaona. Ndinatenga tepi ndi chitenje chakale kuti ndikutsutseni, koma 11.5 yanuyo inakwanadi. Ine ndinaphunzitsidwa ndi achimwene anga kuti gawa ndi 6 uchotseko chala chimodzi, za π sanandiuzepo.

Dzulo ndinalankhula ndi mwana pafoni ya amatroni. Kope akuti lilipo, ndidzaliona ndi maso anga. Tinyale wawotcha titatu, anaulula yekha. Mawaya amalumikiza okha, ndipo akuti ali ndi kachipsera pachala chamkombaphala. Vuto limene lawaimitsa panopa ndi lakuti waya akumaduka pamene lamba wa chikwama amapindikira paphewa, ndipo aphunzitsi onse awiri sanapeze chochita. Ndinamufunsa kuti mwausokerera bwanji, akuti anaupanikiza ndi ulusi mpaka kumapeto. Ndinachita kukuwa pafoni. Waya sausokerera choncho, umasoka kanjira ngati kolowetsa lasitiki, waya n'kumayendamo momasuka, ndipo pokhota umasiya wotsalako pang'ono. Anangoti zii, kenako akuti amayi bwerezaninso ndilembe.

Malume, sindinagonje kwenikweni. Ndamuuza kuti masamu akangotsika teremu ino, kalabu yatha. Tsiku loona ana ndi Loweruka la mawa lino, ndanyamula kale jumbo ya zidutswa ndi theka la ndalama lija. Amene akudziwa komwe ndingapeze marezisita a 150 motchipa andiuze, kaya ndi ku Malangalanga kaya kwa okonza mawailesi mumsika waukulu, chifukwa ine ndikalowa m'sitolo n'kutchula dzina limenelo andiona kuti ndine mlendo andikwezera mtengo.