Batire loyenera la FT-817ND ndi nkhani ya waya wobiriwira

WaKuDedza, Rosettenville

Akuluakulu, ndakupatsani moni nonse. Ndinakhoza mayeso a RAE (a ofuna kulankhula pa wailesi za amateur) amene amayendetsa a SARL, bungwe la okonda wailesi zotere ku South Africa kuno, laisensi ya ku ICASA, bungwe loyang'anira za mauthenga, ili m'manja, ndipo ndagula wailesi yolankhulira ndi kumvetsera ya Yaesu FT-817ND yogwirapo kale ntchito. Ndikufuna kuti Loweruka ndizikwera nayo ku mapiri a Magaliesberg kapena a Suikerbosrand, kutali ndi phokoso la magetsi a m'tauni muno, n'kumayesa kulankhula ndi anzathu a kumudzi ku Malawi pa mafunde a wailesi a mamita 40 kapena 20. Chondivuta n'chakuti batire la m'kati, la NiMH la mavolti 9.6, silichedwa kutha, komanso pa batire limeneli wailesi imayambira pa mawati 2.5 m'malo mwa 5. Ndamva kuti ena amadula waya wobiriwira wa m'kabokosi ka mabatire a AA kuti azitchajira momwemo. Kodi ndichite zimenezi, kapena ndifune batire lakunja? Nanga likhale lamtundu wanji?

MkuluWaEriyo, Kempton Park

Achimwene, wayayo musiyeni. Ntchito yake ndi kuletsa wailesi kutchaja mabatire wamba a alkaline, ndipo mukamudula, tsiku lina mudzaiwala, mudzaikamo mabatire a m'golosale n'kulumikiza magetsi akunja, kenako adzatulutsa madzi amene amadya zitsulo za m'kati. Phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi zimene mungataye.

Yankho lenileni lili kunja kwa wailesi. Iyoyo imalandira mavolti 8 mpaka 16, imakoka pafupifupi 0.45 A (maampu) pomvetsera ndi 2 A polankhula pa mawati 5. Ine ndimakonda batire la LiFePO4 (mtundu wa lithium) la maselo 4, limene limapereka mavolti 12.8 ndipo likadzaza silipitirira 14.6, choncho lili m'malire bwinobwino. Tiwerengere limodzi: ngati mumalankhula mphindi imodzi pa mphindi zisanu zilizonse, mukugwiritsa ntchito pafupifupi 0.76 A, kutanthauza kuti batire la 6 Ah likufikitsani maola 7, omwe ndi okwanira tsiku la paphiri. Chenjerani ndi maselo 4 a lithium-ion wamba, monga a 18650, chifukwa akadzaza amafika 16.8, kupitirira malire. Maselo 3 amtundu umenewu, amene amafika 12.6, alibe vuto. Dziwaninso kuti mavolti ochuluka sawonjezera mphamvu yopita ku eriyo. Otsalawo amangosanduka kutentha, ndipo padzuwa la Disembala kutenthako sikufunika.

NaPhiri, Turffontein

Ndikuvomerezana ndi bambowa, koma ndiwonjezere za polumikizira. Kabowo kolowetsa magetsi kumbuyo kwa wailesiyi n'kosalimba, ndipo kamawonongeka msanga waya akamakokeka m'chikwama. Pali kachipangizo ka Anderson Powerpole kamene kamamangidwa kumbuyoko ndi sikuluwu, moti katundu amagwera pa chitsulo osati pa kabowo. Uku ndiye kusintha kumene ndingakulimbikitseni. Muikenso fyuzi ya 3 A pafupi penipeni ndi batire, pakuti batire la lithium likagundanitsa mawaya limayatsa moto.

Pofuna kusunga mphamvu, lumikizani eriyo kutsogolo pa polumikizira pa BNC, chifukwa mukasankha polumikizira pa kumbuyo pali relay (kaswitchi koyendera magetsi) imene imakoka magetsi nthawi yonse, ndipo masana muzimitse nyale ya pagalasi. Za sola, ine ndimatchajiratu kunyumba, popeza ma charge controller (zipangizo zowongolera kutchaja kwa sola) ambiri otchipa amabweretsa phokoso lomwelo limene mukulithawa. Mitambo ikayamba kuda masana m'nyengo ya mvula, tsitsani eriyo musanamve bingu, chifukwa mphenzi za kuno ku Highveld si zoseweretsa.

WaKuDedza, Rosettenville

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Waya wobiriwira ndamusiya. Funso lotsala ndi lakuti, ndikamapita kumudzi pa tchuthi, kodi laisensi yanga ya ku South Africa, ya chizindikiro choitanira cha ZS6, ikandithandiza?

MkuluWaEriyo, Kempton Park

Musakayatse wailesi musanalembere a MACRA, pakuti ndiwo amapereka chilolezo ku Malawi, kumene zizindikiro zoitanira zimayamba ndi 7Q, ndipo muwalembere nthawi ikadalipo. Mukakwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, mapepala a wailesi ndi laisensi zikhale m'thumba loyandikira. Mukasankha ndege, batire la 6 Ah lili ndi pafupifupi 77 Wh, pansi pa malire a 100 Wh, koma liyenera kukhala m'chikwama cha m'manja, zolumikizira zake zitakutidwa ndi tepi.